Mwana wa achemwali akuti abweze ndalama za sukulu ku America, zikutheka bwanji?

Malume_Chinamwali

Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga waima. Mwana wa achemwali anga ali ku America, anapita ndi bambo ake pa green card ija ya lotale, ndiye mu August anayamba koleji, fizi ikulipiridwa ndi boma la konko, akuti Pell Grant, kuphatikizapo kangongole pang'ono. Kumayambiriro kwa October tinataya mayi athu kwa Jali, agogo ake amene anamulera kuyambira ali kumsana, mnyamata anakwera ndege kubwera kumaliro ndipo poti tikiti ndi yodula anati bola ndikhaleko, anatha milungu isanu. Kusukulu sanatsanzike. Pobwerera anapeza anzake ali patali, anagwa ulesi nkungolowa ganyu ya usiku.

Pano yabwera kalata yoti sukulu yabweza ndalama zina kuboma ndiye iye ali ndi ngongole kusukuluko, komanso dzina lake analipereka kale kuboma kuti anasiya. Achemwali akungolira kuno. Ine ndinagula bandulo nkuyimba ku ofesi yawo usiku, mayi wina anandiyankha mwaulemu koma anakana kundiuza chilichonse. Grant si mphatso kodi? Nanga kuthamangira kukamuneneza mwana wamaliro ndi chiyani?

Nachisale wa ku Matawale

Pepani malume ndi maliro. Ine kwathu ndi ku Matawale koma ndinakhalapo zaka zingapo ndikugwira ntchito mu ofesi ya financial aid pa koleji ina konko, ndiye makalata amenewo ndawalembapo ndi manja angawa, ena ndikumva chisoni.

Choyamba, sikuti amuda mwanayo. Ndalama zimenezi zimachokera mu lamulo la 1965 la Higher Education Act, gawo lomwe amati Title IV, ndipo koleji iliyonse yofuna kuti ana ake azilandira imasayina mgwirizano ndi unduna wa zamaphunziro wa konko. Mu mgwirizanomo muli zoti azipereka lipoti la mwana aliyense ku kaundula wina amati NSLDS, osadutsitsa masiku 60: uyu alipo, uyu wachepetsa makosi, uyu wasiya tsiku lakuti. Dzina la mphwanuyo linapita limodzi ndi mazana ena, palibe anakhala pansi kuti tiyeni timukhaulitse.

Za mphatsozo ndi pamene ambiri amakodwa. Pell subweza ukamaliza semesita, zoona. Koma boma limawerenga ngati ukuigwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ngati mmene zimakhalira waganyu ukamupatsa ndalama yonse ya munda iye nkulima mizere yochepa. Ukasiya usanadutse 60 peresenti ya semesita, yako ndi ya masiku amene unalipo okha. Ukadutsa 60 yonse ndi yako. Tiyerekeze kuti amalandira Pell yonse, yomwe pa chaka inali $7,395, ndiye pa semesita ndi pafupifupi $3,700, iye nkusiya pa 40 peresenti: yake ndi cha mma $1,480, yotsalayo iyenera kubwerera. Sukulu ili ndi masiku 45 okha kuchokera pomwe yazindikira kuti mwana wasiya kuti ibweze mbali yake, ikatero fizi ija imene inaoneka ngati yalipiridwa imatsala ndi dzenje, dzenjelo nlomwe akumulipiritsa.

Ndipo musaiwale kangongole kaja. Akangolembedwa kuti wasiya kapena watsika kuposa theka la makosi, kawirikawiri makirediti 6, miyezi 6 yopumira imayamba kuwerengedwa kuchokera tsiku lomwe anasiyalo, osati tsiku la kalata. Ikatha ayamba kumufuna.

Zokukanizani pafoni musakhumudwe nazo, pali lamulo la 1974 lotchedwa FERPA, mwana akalowa koleji nkhani zake sauza munthu ngakhale mayi ake omubala pokhapokha iye atasayina fomu yololeza. Umalume kumeneko sugwira ntchito kkk.

Chikanda_Boy

Eeh koma azungu saseka ndi ndalama yawo eti. Ife kuno a Loans Board, omwe anayamba 2015, amadikira umalize kaye kenako zaka ziwiri ndiye ayambe kukusaka kudzera kwa abwana ako kuntchito. Ukamva za America umaganiza kuti ndi kungotola. Ine ndimati ndikamaliza pa Chirunga ndikayese konko ndidzalembe FAFSA, fomu ija yopemphera ndalama zimenezi kuboma, zitheka aunt?

Nachisale wa ku Matawale

Iwe ukapita pa visa ya sukulu ya F-1 FAFSA siikukhudza mwanawe, ija ndi ya nzika ndi a green card ndi magulu ena ochepa ngati othawa kwawo. Uzisaka sikolashipu ya sukuluyo.

Bambo Phiri pa Mpondabwino

Mayi Nachisale mwafotokoza bwino koma ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Lamulo ndi lamulo inde, koma munthu waferedwa. Masukulu amenewa ndi bizinesi, akanafuna akanangolemba kuti mwana analipo mpaka December, ndani akanadziwa? Kuno mphunzitsi akamva kuti unali kumaliro amakupatsa mayeso ena basi nkhani yatha. Ine ndikuona ngati akungofuna kudya kawiri, kuboma adye kwa mwana adye.

Nachisale wa ku Matawale

Bambo Phiri, akanadziwa ndi ma odita, amabwera chaka chilichonse ndipo samafunsa zambiri, amangotola mafayilo a ana mwachisawawa. Mwana amene ali ndi F pa makosi onse ndiye fayilo yoyamba kutsegula, chifukwa amadziwa kuti nthawi zambiri ameneyo sanalephere mayeso, anangosowa. Ndimakumbuka ine ndikuthamanga mmakonde kusaka aphunzitsi mmodzimmodzi kuti andiuze tsiku lomaliza lomwe mwana wina anaoneka, wina ali kutchuthi sakuyankha imelo, masiku akutha, abwana akundiyang'ana. Mukalemba bodza sukulu imabweza ndalama zonsezo, ikhoza kulipitsidwa chindapusa, ndipo zikanyanya imachotsedwa pa mndandanda. Koleji yochotsedwa pamenepo ndi yakufa. ITT Technical Institute inali ndi nthambi zoposa 100, mu 2016 boma litailetsa kulemba ana atsopano olipiriridwa ndi ndalama zimenezi sipanathe milungu iwiri inatseka zonse. Ngakhale ana anu akale akamalephera kubweza ngongole, akafika 30 peresenti zaka zitatu zotsatizana, sukulu ndi imene imalangidwa. Ndiye palibe kalaliki angaike khosi la sukulu yonse pa mpeni chifukwa cha mwana mmodzi.

Kudya kawiri ayi, ndalama inabwereradi kuboma, akhoza kuziona yekha akalowa pa akaunti yake ya studentaid.gov.

Koma pa chifundo paja muli ndi mfundo, khomo lake lilipo kungoti mwanayo sanagogode. Malume, muuzeni apite yekha ku ofesiko asamabisale. Afunse tsiku lomwe analemba kuti anasiya. Masukulu amene saitana mayina mkalasi amaloledwa kungotenga pakati pa semesita, 50 peresenti, koma ngati pali umboni woti anachita za sukulu patsogolo pake, monga kutumiza asayimenti kapena kulemba kamayeso pa intaneti, akhoza kugwiritsa tsiku limenelo. Kungotsegula tsamba la sukulu sikuwerengedwa. Afunsenso ngati pali mbali ya grant yomwe boma likufuna kwa iye mwini, chifukwa imeneyo ali ndi masiku 45 kuti alipire kapena agwirizane zolipira pang'onopang'ono, akangokhala chete thandizo lonse limatsekedwa ngakhale atasamukira koleji ina. Kenako ma F amenewo amugwetsa pa muyezo wa kakhonzedwe, masukulu ambiri amafuna GPA ya 2.0 ndi kumaliza magawo awiri mwa atatu a makosi, koma imfa ya wachibale ndi chifukwa chovomerezeka chochitira apilo. Apa ndi pamene inu muli ndi ntchito: chikalata cha imfa, kalata ya amfumu kapena ya abusa, ngakhale pulogalamu ya maliro, jambulani bwinobwino mutumize.

Malume_Chinamwali

Mayi Nachisale Mulungu akudalitseni, ndawawerengera achemwali zonse ndipo alekako kulira. Kalata ya amfumu ndikwera minibasi Loweruka ndikatenge. Koma mwandikumbutsa chinthu: tsiku lina chakumapeto, atatsala pang'ono kunyamuka, mnyamatayu anandibwereka foni nkukwera pachulu kuseri kwa nyumba ya malemu kusaka netiweki, anakhala pamenepo pafupifupi ola lonse dzuwa likumuwotcha, ife tikumuseka kuti akucheza ndi chibwenzi, iye amati akulemba kwizi. Tsiku sindikulikumbuka koma tinali titayamba kale kugalauza kudikira mvula. Ndamutumizira uthenga kuti afufuze ngati inapitadi, pano kwawo kukadali usiku sanawerenge.