Kodi njinga ya matayala opyapyala ingathe mitunda ya ku Angonia?

Wofunsa, ku Moatize

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi njinga yothamanga ya matayala opyapyala, imene ndimapalasa m'mamawa dzuwa lisanakwere, koma msewu wa N7 wanditopetsa chifukwa cha magalimoto akuluakulu opita kumalire a Zobue, amene amadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake imandikankhira kunja kwa phula. Ndikulakalaka kukapalasa kumene kuli bata, ndipo maganizo anga ali pa msewu wopatukira pa Mussacama kukwera ku Ulongwe, m'boma la Angonia kuno ku Mozambique, kuti kuchokera kumeneko ndikazungulire midzi ya m'tsinde mwa phiri la Domwe. Giya yaing'ono yakutsogolo ili ndi mano 39, yaikulu yakumbuyo ili ndi mano 25, ndipo matayala ndi a mamilimita 25. Ndikupempha amene mumawadziwa malowo mundiuze ngati njinga yotereyi ingathe mitunda ya kumeneko, komanso mwezi umene uli woyenera ulendowu.

Mphunzitsi, ku Ulongwe

Achimwene, mwaganiza bwino, koma muyambe mwadziwa kuti mukuchoka kuchigwa cha Zambezi kukwera kudera lokwera kwambiri. Mzinda wa Tete uli pansi pa mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulongwe ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo nsonga ya phiri la Domwe imapitirira mamita 2,000. Nchifukwa chake kuno timalima mbatata ya kachewere ndi kabichi pamene inu kumeneko mukulimbana ndi kutentha.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itatha, misewu yafumbi yauma, ndipo masana dzuwa silipweteka. Komabe m'mwezi wa Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kwambiri, nthawi zina nkhungu imaphimba zigwa, choncho munthu wozolowera ku Moatize anyamule chovala chotchinga mphepo ndi magolovesi, chifukwa zala zikauma ndi chisanu sizigwira bwino mabuleki. Okutobala ndi Novembala musayerekeze, popeza kumunsiko kutentha kumafika madigiri 40 ndipo mudzafooka musanafike n'komwe pa mitunda. Ndikuchenjezeninso kuti msewu wa Mussacama si wachete monga mukuganizira, chifukwa magalimoto opita ku Dedza ndi ku Lilongwe kudzera pa Calomue amayenda momwemo. Bata lenileni lili m'misewu yopatuka, ndipo yambiri mwa iyo ndi yafumbi.

Wokonza njinga, ku Domwe

Ine ndiyankhe za njingayo, chifukwa ndizo zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Magiya amene mwatchulawo ndi olemera pa mitunda yathu. Ndi mano 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, mwendo ukazungulira kamodzi tayala limazungulira kamodzi ndi theka, zimene zili bwino pamalo athyathyathya, koma pa mtunda wautali mudzakakamizika kuimirira pa mapedulo mpaka mawondo ayambe kuwawa. Ngati mungathe, ikani yakutsogolo ya mano 34 ndi yakumbuyo ya mano 32, kuti mwendo ndi tayala zizizungulira pafupifupi mofanana, ndipo mudzakwera mutakhala pa chishalo, mukupuma bwino. Musanagule, onetsetsani kuti chosinthira magiya chakumbuyo chingafike pa mano amenewo, ndiponso mudziwe kuti mwina padzafunika tcheni yaitali.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kukwera ayi, ndi kutsika. Mtunda umangotopetsa munthu, ukakukanika umatsika n'kuyamba kukankha, ndipo palibe amene angakusekeni, chifukwa kuno onyamula matumba a chimanga amakankha tsiku lililonse. Mtsetse ndiwo umavulaza. Ngati mabuleki anu ndi ogwira pa limu, ndipo mwawafinya osalekeza kuchokera pamwamba mpaka pansi, limu imatentha, mphira wa buleki umaleka kugwira, ndipo chubu chikhoza kuphulika muli pa liwiro. Anthu amandibweretsera njinga zimene mphira wake wanyezimira ngati galasi chifukwa cha kutentha kumeneku. Muzifinya mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya, kufinyanso n'kusiya, mabuleki onse awiri pamodzi, ndipo liwiro muzichepetsa musanalowe pokhota, osati muli kale mkati mwake. Pa mtsetse wautali imani pang'ono, muyandikize dzanja pa limu. Ikatentha, dikirani izizire.

Za matayala, a mamilimita 25 adzayenda pa phula, koma pa fumbi ndi timiyala adzakuzunzani ndi maponcha. Ngati felemu ikulola, ikani a 30 kapena 32, ndipo musawapope mpaka kuuma gwa. Nyamulani machubu anuanu, zigamba, guluu, pampu ndi masipoko angapo, chifukwa m'misika ya kumudzi zimene zimapezeka kwambiri ndi zipangizo za njinga zonyamula katundu, zimene sizingalowe pa njinga yanu.

Mlimi, ku Tsangano

Bambo a ku Moatize, zimene anena anzangawa ndikugwirizana nazo, koma ndikufuna kuwonjezera mawu pa nkhani ya bata. Msewu umene mulibe galimoto sikuti mulibe anthu. M'mawa timakhala tikupita kumadimba, ana ali pa ulendo wa kusukulu, ngolo za ng'ombe zanyamula mbatata, ndipo mbuzi zimadumphira mumsewu mosayembekezereka. Njinga yanu ilibe phokoso, choncho mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni sangakumveni, ndiponso sangatembenuke msanga. Ikani belu, mulize mukadali patali, ndipo mudutse pang'onopang'ono mukupereka moni. Pa tsiku la msika anthu amadzaza msewu wonse, ndiye ndi bwino kufunsiratu masiku ake musananyamuke.

Madzi musadalire kuti mudzawapeza paliponse. Mukaona mjigo, pemphani kwa amene ali pomwepo ndipo mudzaze mabotolo onse. Chiphaso chanu chikhale m'thumba nthawi zonse, popeza madera athu ali m'malire, ndipo pali njira zina zimene mukhoza kutsata n'kupezeka mwalowa m'Malawi osazindikira.

Wofunsa, ku Moatize

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndakonza zoti ndidzanyamuke mu Juni, ndidzakwere chapa (minibasi) ndi njingayo mpaka ku Ulongwe, ndipo ndidzayambire kumeneko. Bambo a ku Domwe, ngati ndalama sizikwanira kusintha zonse nthawi imodzi, ndiyambe ndi chiyani?

Wokonza njinga, ku Domwe

Yambani ndi mphira watsopano wa mabuleki pamodzi ndi mawaya ake, chifukwa ndi zotsika mtengo ndipo ndizo zidzakutetezeni pa mtsetse. Kenako mugule matayala. Magiya akhoza kudikira, bola muvomere kuti pa mitunda ina mudzatsika n'kukankha. Pokweza njinga mu chapa, chotsani tayala lakutsogolo ndipo muonetsetse nokha kuti sanaigoneke mbali ya tcheni, chifukwa chosinthira magiya chikapindika, chimalowa m'masipoko mukangosintha giya pa mtunda woyamba.