"Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza" akutanthauzanji kwenikweni?

MwanaWaChulu: Abale ndithandizeni. Lamulungu ku mphakati mkulu wa mpingo wina ananena mwambi umenewu podzudzula mnyamata wonyadira ndalama za fodya. Ine ndimadziwa kuti umanena za ulumali basi. Nanga ukukhudzana bwanji ndi kudzikuza?

NaBanda_Santhe: Iii mwandikumbutsa agogo anga. Tikamaseka munthu wotsimphina popita kudambo, ankatikoka khutu n'kunena mawu amenewa. Kenako ankatiloza mwendo: "Wako uwu unagula kuti?" Iwo anachita khungu atakalamba, ndipo ankautchulabe akuseka.

Chamama1: Mkuluyo sanalakwe. Chilema pamenepa si mwendo wokha, ndi tchimo. Lero uli chilili pa mpingo, mawa wagwa. 1 Akorinto 10:12.

Gogo_wa_Kapiri: Achimwene a ku Chamama, ngati ndi tchimo ndiye mwambiwu ukutsutsana ndi Baibulo. Davide pa Salimo 51:5 akuti anabadwa m'mphulupulu. Ife pa kalasi ku CCAP anatiphunzitsa kuti munthu amabadwa ali wochimwa kale. Ndiye lungalunga wake uti pobadwapo? Makolo ankanena za thupi, tisawaveke jekete la abusa.

Chamama1: Amayi, khanda linayamba laba nkhuku ya munthu? Chilemacho chimadza pokula. Ndi tchimo ndithu.

NaBanda_Santhe: Agogo anga sankalekanitsa ziwirizi. Kwa iwo maso, miyendo, ngakhale nkhokwe yodzaza zinali zobwereka kwa Chauta. Ankakonda nkhani ya Yakobo pa Genesis 32, uja analimbana usiku wonse pa Penieli, napita ndi mdalitso koma akutsimphina. Amati madalitsowo anabwera limodzi ndi chilemacho, osati chitachoka.

Mtunthama_boy: Nanga chaka chija ena anagulitsa mabelo ku Chinkhoma n'kugula galimoto, pano akupempha matola pa kabaza. Mwambiwu ukuwakwana bho.

Gogo_wa_Kapiri: "Bho" ameneyo ndiye watipha. Mdzukulu wanga ndinamuuza mwambi womwewu, iye n'kundifunsa ngati lungalunga ndi dzina la woimba. Ukawapatsa moni akuti "shapu", osagwada, osawomba m'manja, maso ali pa foni.

Chamama1: N'chifukwa chake ndikuti ndi tchimo. Ana amenewo anabadwa aulemu, mwano wachita kudza.

Mtunthama_boy: Komatu agogo, ife timaopa kuutchula poyera. Mawu oti chilema masiku ano amapweteka anthu, timati munthu waulumali.

NaBanda_Santhe: Zoona mwanawe, koma mwambiwu unkateteza anthu omwewo kwa oseka.

MwanaWaChulu: Ndiye ndikawayankhe chiyani amalume? Iwo akuti onse awiri mwaphonya, umanena za ukalamba.

Chamama1: Auzeni alowe muno tikambirane. Ine sindikusuntha.