Zowonjezera pa funso la mabatani osatchulidwa dzina

Munafunsa chifukwa chimene NVDA, pulogalamu yowerengera anthu osaona zimene zili pa kompyuta, imangoti "button" pa tsamba lanu la pa intaneti osanena ntchito ya batanilo, chonsecho zithunzi zonse munaziikira alt, mawu ofotokoza chithunzi. Vuto lagona pa mabatani okhala ndi kachizindikiro ka SVG (mtundu wa chithunzi cholembedwa ngati kodi) kokha, chifukwa SVG yolembedwa m'kati mwa tsamba silandira alt. Ikani aria-label, dzina limene NVDA iwerenge, pa batani lenilenilo (mwachitsanzo aria-label="Sakani" pa batani losakira), pa SVG muike aria-hidden="true" kuti NVDA isaiwerenge.

Mukatero, siyani mausi muyende ndi Tab. Ngati simukuona pamene mwafika, fufuzani outline: none mu CSS, kodi yokonza maonekedwe a tsamba. Ambiri amazimitsa mzere umenewu, wozungulira batani limene mwafikapo, ati kukongoletsa tsamba, koma amasocheretsa anthu oyenda ndi kiyibodi. WCAG 2.2 ya 2023 (malangizo othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti), pa mlingo wapakati wa AA, imafunanso kuti batani lisachepere mapikiselo 24 mulitali ndi 24 mulifupi, pokhapokha mabataniwo atatalikirana mokwanira.