Njanji ikulira pa kona, girisi wakanika

Wa_Gang_6: Akuluakulu, mutu waima. Kona ina ku section kwanga, radius cha m'ma mamita 250, high rail (njanji yakunja kwa kona) yadyeka m'mbali moti fumbi la chitsulo lili mbwee pa balasiti. Sitima ikamadutsa usiku ikulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga, a m'mudzi akadandaula kale kwa amfumu. Lubricator (makina opaka girisi pa njanji) tadzaza girisi sabata yatha, palibe chasintha. Ndikweze pampu kapena?

PWI_Mdala: Musakweze, achimwene. Girisi ndi wa gauge face basi, m'mbali mwa njanji cha mkati. Kulira kosongoka kuja nthawi zambiri ndi low rail (njanji yamkati mwa kona), wilo likamagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya pamwamba pa njanji. Pamenepo pamafunika friction modifier (mankhwala opaka pamwamba pa njanji), imene imasunga friction cha pa 0.35. Girisi akakwera pamwamba mabuleki sagwira.

Chitsulo77: Cant (kukwera kwa njanji yakunja kuposa yamkati) munayeza? Konayo mwina anaikonzera liwiro lina, pano masitima olemera akudutsa mokwawa, katundu yense akugonera low rail. Pakani chilichonse, iliranso.

Dalaivala_wa_Usiku: Chonde za pamwambazo samalani. Chaka china wina anapaka oyilo wakuda pa kona ya pamtunda, ati kuthetsa phokoso. Ndinafika ndi mabogi odzaza, kukuwaza kamvula, loko inangovina pamodzimodzi. Ndinathira mchenga mpaka unatha m'bokosi. Kutacha, njanji yonse mabala a wheel burn (kupsa kwa njanji mawilo akamazungulira pamodzimodzi), ndipo woitanidwa ku ofesi ndinali ine.

PWI_Mdala: Mchengawonso ukasakanikirana ndi girisi umasanduka sandipepa. Onani ngati bar ya lubricator sinakwere mopitirira, komanso mabowo ake sanatsekeke ndi fumbi.

Chitsulo77: Ine ndikuti cant. Ndi gauge yomwe, mpata wa pakati pa njanji ziwiri. 1067 mm ikadalipo pamenepo, kapena yatseguka?

Wa_Gang_6: Gauge yatsegukako pang'ono. Cant sindinayeze, level board yoyezera cant ili ndi gang ina.

Chitsulo77: Mwaonatu.

Mai_Welder: Bambo a Gang 6, yendetsani dzanja pamwamba pa low rail. Ngati pali timafunde, corrugation yayamba, ndipo friction modifier sifafaniza timafunde tomwe tabadwa kale. Grinding (kusalaza njanji) kaye, mankhwala pambuyo. High rail ikafika pa limit musalimbane nayo, sinthani. Njanji ya head hardened (yolimbitsidwa pamwamba) ngati R350HT imapirira pa kona kuposa yawamba ya R260, kungoti kuwotcherera kwake kumafuna ndondomeko yakeyake, osangotola portion iliyonse ya thermit (ufa wowotcherera njanji) m'sitolo.

Dalaivala_wa_Usiku: Nanga sitima ya malasha ochokera ku Moatize ija, mabogi osatha kuwerenga, a ku Nkaya mumatani nayo pa makona?

Chitsulo77: Kumenekonso funso loyamba ndi cant.

PWI_Mdala: Mdala iwe, tamva. Koma amene mukuganiza zoika makina a sola othira mankhwalawo m'tchire, yambani mwapeza mlonda. Kwathu batire linagona masiku atatu okha, panel tinakaipeza padenga la shopu yometera.

Mai_Welder: Inu bola munaipeza.