Shuga wa bambo anga wasanduka type 1?

mwana_wachisamba:
Moni nonse, ndithandizeni nzeru. Bambo anga akhala akumwa mapiritsi a shuga a metformin kwa zaka zambiri ndithu, anatiuza kuti shuga wawo ndi type 2. Mwezi watha adokotala awawonjezera jakisoni wa insulini usiku uliwonse, nde amayi akuti matenda asanduka type 1 moti sakugona nkhawa. Komanso mwana wa achemwali anga wa zaka 9 amupeza ndi shuga, kamwana kowonda kosakonda ndi maswiti omwe, ine mutu waima. Kodi shugayu si mmodzi yemweyo?

nesi_wopuma:
Pepani ndi matenda. Amayiwo auzeni azigona, bambo akadali ndi type 2, jakisoni sasintha mtundu wa shuga ayi. Nkhani yonse ili pa kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulini, ndipo insuliniyo ndi amene amachotsa shuga m'magazi kuti thupi limugwiritse ntchito. Type 1 ndi pomwe chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kupha maselo a kapamba opanga insulini, nde munthu wotere popanda jakisoni sangakhale moyo, mapiritsi samuthandiza. Type 2 insulini alipo koma thupi silimumvera, kapamba amalimbikira kupanga wambiri chaka ndi chaka mpaka kutopa, akatopa choncho metformin payekha sakwanitsanso ndi pomwe timawonjezera jakisoni. Sikuti bambo alakwitsa kanthu, matendawa amayenda choncho. Mwa odwala shuga 10, pafupifupi 9 ndi a type 2.

bambo_wa_atatu:
Za mwanayo zandikhudza chifukwa wanga anayamba ali ndi zaka 11. Anayamba kukodza pogona chonsecho anasiya kalekale, madzi akumwa ngati chiyani kaya, usiku kudzuka kanayi, yunifolomu yomwe inkamuthina inayamba kukhwepa pasanathe mwezi. Ife timvekere akukula ameneyu. Tsiku lina anayamba kusanza, kupuma mwabefu, mkamwa mukununkha ngati mankhwala ochotsera polishi wa zikhadabo, kuchipatala anati ndi DKA, thupi likasowa insulini limawotcha mafuta nde magazi amadzaza asidi. Type 1 amabwera mothamanga choncho, pomwe type 2 munthu atha kukhala naye zaka osadziwa mpaka maso kapena mapazi atayamba kuvuta. Chomwe chimandiwawa ndi anthu oti "munkamupatsa zotsekemera zambiri eti", achemwali anuwo asamvere zimenezo, type 1 sabwera chifukwa cha chakudya kapena kunenepa. Ndipo mwanayo akadwala olo asakudya insulini asamusiyitse okha, aziyeza magazi pafupipafupi n'kufunsa adokotala mlingo wake. Ine ndikatopa ndi majakisoni ndimakumbuka kuti isanafike 1922, pomwe mnyamata wa zaka 14 Leonard Thompson anabayidwa insulini koyamba ku Toronto, ana ngati athuwa ankangomwalira.

mai_mapasa:
Osaiwala shuga wa amayi oyembekezera. Ine anandipeza naye pa mimba yachiwiri, amayeza pakati pa masabata 24 ndi 28, amakumwetsa madzi otsekemera kwabasi kenako n'kutenga magazi. Mahomoni a mimba ndi amene amalepheretsa insulini kugwira bwino ntchito. Nditachira shuga anatsika yekha koma anandichenjeza kuti ndiziyezetsabe chifukwa n'kosavuta kudzadwala type 2 patsogolo.

nesi_wopuma:
Zoona mayi. Kungowonjezera, zaka zokha sizikuuzani mtundu. Masiku ano achinyamata onenepa akupezeka ndi type 2, komanso pali wina amati LADA, ndi type 1 yemweyo koma woyenda pang'onopang'ono mwa akuluakulu, ambiri amayamba kupatsidwa mapiritsi ngati a type 2 kenako mapiritsiwo n'kusiya kugwira msanga. Pakakhala chikaiko amayeza m'magazi ma antibody kuti aone ngati chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi kapamba, ndi C-peptide kuti aone ngati kapamba akupangabe insulini. Koma bambo anu oti mapiritsi awasunga zaka zonsezi, ine sindikuonapo chodabwitsa.

mwana_wachisamba:
Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera amayi pa foni mtima wakhalako pansi. Bambo_wa_atatu, za kununkha mkamwa zija achemwali akuti nawonso anazimva tsiku lomwe anathamangira naye kuchipatala, akufunsa ngati wanuyo amadzibaya yekha kusukulu kapena mumachita kupitako.