Miyala ya silabu: kodi mwala ndi mwala basi?

Wa ku Budiriro:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndikumanga nyumba yosanja kuno ku Harare ndipo tafika pothira silabu. Pabalaza mpata wake ndi mamita 5 popanda chipilala pakati. Injiniya analemba konkire ya 25 MPa (muyeso wa mphamvu ya konkire) ndi miyala ya granite ya 19 mm yochokera ku kwale. Tsono pali munthu akundigulitsa miyala yoswa pamanja motchipa, yachikasu pang'ono, ina ikumafumbutuka ukaimenya. Mmisiri wanga akuti tingowonjezera simenti, ilimba chimodzimodzi. Ndalama zandithera, koma pansi pa silabuyi padzakhala ana anga. Ngati makyubu (tizidutswa ta konkire tophwanya poyesa mphamvu yake) akwana 25 MPa pa masiku 28, vuto lingakhale pati?

Injiniya wa ku Msasa:
Achimwene, kyubu imangokuuzani mphamvu yomwe ingaphwanye konkireyo. Sikuuzani kuti silabu idzatsika bwanji pakati ikasenza katundu. Chimenecho timachiyeza padera, ndi modulus of elasticity (muyeso wa kukana kupindika, mu GPa), ndipo mwala ndi umene umalamula kwambiri, poti miyala ndi mchenga zimatenga pafupifupi 70 peresenti ya konkire yonse.

Mu Eurocode 2, malamulo a ku Ulaya omangira ndi konkire, konkire ya C25/30 (25 MPa poyesa silinda, 30 poyesa kyubu) ya miyala ya quartzite amaiwerengera 31 GPa. Ikakhala ya limestone amachotsa 10 peresenti, ya sandstone amachotsa 30, ya basalt amawonjezera 20. Ndiye kuti konkire ziwiri zofanana mphamvu, ina ili pa 22, ina pa 37. Granite wathu wa kuno ali bwino akakhala wamoyo, koma wovunda wachikasuyo ndi wofewa, amamwa madzi, ndipo palibe angakuuzeni nambala yake osamuyeza.

Zowonjezera simentizo ndikukana. Kukwera kuchoka pa C25/30 kufika pa C30/37 kumangokupatsani 33 GPa m'malo mwa 31. Komanso phala la simenti likachuluka, konkire imafota kwambiri pouma ndipo imapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka. Lamulo limalola kutsika kosaposa mpata kugawa ndi 250, ndiye pa mamita 5 anuwo ndi 20 mm basi. Ikapitirira apo singagwe, koma khoma lam'mwamba limang'aluka, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka.

Mmisiri wakale wa ku Highfield:
Mwana wanga, amveni a injiniyawo. Koma tisanyoze amayi oswa miyala ku Epworth, ambiri amaswa thanthwe labwino ndipo akudyetsa mabanja. Vuto limabwera akaswa chikhungwa chakunja chimene dzuwa ndi mvula zinadya kale. Tengani hamala. Mwala wamoyo ndi wotuwa, umalira ngwee, umasweka ndi nsonga zakuthwa. Wovunda umangoti phwa, n'kusiya mchenga m'manja. Wina muuviike m'ndowa usiku wonse, muone mmene wamwera. Wotere ine ndimathira pansi podzaza maziko, pamwamba ayi. Yoswa pamanja imavutanso kukula kosiyana, ina siyilowa pakati pa zitsulo, imasiya mphako.

Wa ku Budiriro:
Zikomo bambo, hamalayo ndiyesa mawa. A injiniya, nanga mwala wakuda uja wa dolerite? Ndikaupeza, ndiye kuti ndingachepetse kunenepa kwa silabu?

Injiniya wa ku Msasa:
Dolerite amapereka konkire yosapindika msanga kuposa granite, n'zoona, koma musachepetse kanthu. Kunenepa kwa silabu kumaposa mtundu wa mwala: kuchoka pa 150 mm kufika pa 170 mm, kukana kupindika kumakwera pafupifupi 45 peresenti, ndipo mukachepetsa mumatayanso mofulumira chomwecho. Gulani granite wa ku kwale monga zinalembedwa, wopanda fumbi ndi dothi. Thirirani silabu masiku 7 osadumphitsa, ndipo mitengo yochirikiza pansi musachotse mpaka injiniya wanu atabwera kudzaona yekha.