Za tiyi wa pu'er wakale uja wa fungo la chinyontho

Ndinafunsa m'mbuyomu chifukwa chimene tiyi wa sheng pu'er (mtundu wa tiyi amene amasungidwa kuti azikhwima yekha pakapita nthawi) wa ku Yunnan, m'dziko la China, amene anakhala zaka zambiri ali wopanikizidwa ngati chimbale cha magalamu 357, ankamvekera fungo la chinyontho komanso ankawawa kwambiri. Yankho lapezeka.

Fungo lija linachokera m'kasungidwe. Tiyi wosungidwa kumalo a chinyezi ngati Hong Kong amakhwima msanga ndipo madzi ake amafiira kwambiri, koma amatenga fungo la m'nyumba yosungiramo katundu, pamene wosungidwa ku Kunming, likulu la Yunnan, kumene mpweya ndi wouma, amasintha pang'onopang'ono. Nditabenthula chimbalecho ndi kuika zidutswa zake mu mtsuko wadothi kwa milungu ingapo, chinyontho chija chinachepa, ndipo panatsala fungo la mtengo wakale ndi la zipatso zouma.

Kuwawako kunatha nditasintha kakonzedwe. Tsopano ndimaika magalamu 6 a masamba pa mamililita 100 a madzi owira, ndimataya madzi oyamba, kenako ndimathira ena ndi kuwatsanula pakangotha masekondi 10. Masamba omwewo amathiridwa madzi kangapo osasuluka, ndipo kutsekemera kumabwera kukhosi munthu atameza kale, chinthu chimene shuga kapena mkaka zingachiphimbe.